Chijapani chandilanda ufumu pakhomo

Amene amati maphunziro amabweretsa mtendere pakhomo, ana awo sanalowe kalabu ya Chijapani. Wanga wamkazi wa Sitandade 4 analowa. Kusukulu kwawo kunabwera mphunzitsi wongodzipereka wochokera ku Japan, mmodzi mwa aja a JICA amene akhala akubwera kuno kuyambira 1971. Chilowereni mwanayu kalabuyo, pakhomo panga pali mafumu awiri, ndipo yolipira lendi ndiye ilibe mawu.

Poyamba sindinade nkhawa, poti Chijapani ine ndimachidziwa: Toyota, Nissan, Mazda, Suzuki. Kagalimoto kanga komwe kanachokera konko, kudzera padoko la Dar es Salaam. Wailesi yake imathera pa 90, ndipo ndikangoliza injini mumalankhula mayi wina m'Chijapani, ine n'kumayankha mwaulemu kuti, "Tadzuka bwino mayi, kaya inu." Pofuna kuonetsa ukatswiri ndinatchulanso Bruce Lee. Mwana anati ameneyo anakulira ku Hong Kong. Ndinamuuza kuti ife mafilimu tinkaonera mumdima wa vidiyo shoo, za mapasipoti sitinkafunsa.

Kenako kunabwera kope. Ife zilembo 26 zokha zija zinatitulutsa thukuta, ena mpaka kubwereza kalasi, sinditchula mayina. Mwana wa ku Japan amayamba ndi zilembo 46 za hiragana, n'kuwonjeza zina 46 za katakana zolembera mawu obwereka kwa ena. Akatero amalowa mu kanji, zilembo zochokera ku China: 80 m'chaka choyamba, ndipo pomaliza zaka 6 za pulayimale zimakhala zitakwana 1,026. Chilembo chilichonse chili ndi mzere woyambira ndi wotsirizira, simungoyamba pamene mwafuna. Ndinatenga pensulo kuti ndithandize homuweki monga kholo, ndipo zimene zinatuluka zinali ngati nkhuku yapalasa pa ufa.

"Adadi, mwayambira kumiyendo," anatero.

"Mwana wanga, ichi n'Chijapani cha akuluakulu. Inu simunafike."

Zilembo ndikanapirira, poti zimathera m'kope. Chandipweteka ndi chikhalidwe, chifukwa chimenecho chimabwera kunyumba. Lamulo loyamba linali la nsapato: zivulidwe pakhomo, ziikidwe moyandikana, zala zake zitaloza kunja. Ku Japan ana akafika pasukulu amavula nsapato zakunja n'kuvala zam'kati. Lamulo labwino ndithu kwa munthu amene masokosi ake ali athunthu. Anga chala chachikulu chimakonda kupuma mpweya. Tsiku limene apongozi anabwera kudzationa, chala chija ndicho chinayamba kuwalonjera. Iwo anangoyang'ana kudenga n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Lachiwiri linali la tsache. Akuti kumeneko ana amasesa okha makalasi, kukolopa makonde ndi kutsuka zimbudzi, ndipo nkhomaliro amagawirana okha atavala zoyera. Apa ndinaseka. Ife tinkasesa bwalo lonse la sukulu ndi tsache lothyola tokha kutchire, n'kutchetchanso udzu, wochedwa n'kukumba dzenje la zinyalala. Nanga chatsopano n'chiyani?

"Chatsopano n'chakuti aphunzitsi nawonso amagwira tsache, adadi. Wamkulu sangokhala pampando n'kumaloza."

Mayi akunyumba, amene sadziwa liwu ngakhale limodzi la Chijapani, anamva zonse bwinobwino. "Mwamva abambo? Tsache lili kuseri kwa chitseko." Loweruka m'mawa tsopano anansi amandipeza nditawerama pakhonde. Ndimawauza kuti ndikuchita masewera olimbitsa msana amene anandilembera adokotala.

Pachakudya ndiye pali nkhondo. Tisanadye timagundanitsa manja n'kunena "itadakimasu", titapemphera kale, moti nsima imafika pakamwa itazizira. Anabweretsanso timitengo tiwiri todyera. Abale anga, amene anapanga timitengoti sanaonepo therere. Ndinalimbana nalo mpaka malaya anakhuta ine ndisanalawe. Nditatopa ndinatizika timitengoto pamwamba pa mtanda wa nsima kuti ndipume, mwana n'kukuwa kuti ku Japan kuimika timitengo mumpunga amachita pamaliro pokha. Ndinati asadandaule, maliro ake ndi a njala yanga.

Chimodzi chokha chinandisangalatsa. Akuti kumeneko kudya manudozi mochita phokoso pakamwa si mwano. Ndinaimirira n'kulengeza kuti chikhalidwe chimenecho ine ndakhala ndikuchisunga kuyambira ndili mwana, pa tiyi ndi paphala, anthu osadziwa za dziko n'kumandinyoza. Mwana anati chilolezocho sichifika pa tiyi.

Kunena zoona, mwanayu wasintha. Mbale amachotsa yekha, makope sapinda makutu, ndipo mapepala amabilu a madzi amawapinda n'kukhala mbalame zokongola za origami, moti ngongole zanga tsopano zili ndi mapiko pamwamba pa kabati.

Koma dzulo wabwera ndi kalata. Teremu ikubwerayi kudzakhala undokai, tsiku lamasewera la sukulu za ku Japan, la magulu awiri, ofiira ndi oyera. Kudzakhala kukokana chingwe ndi mpikisano wothamanga wopatsirana kamtengo, ndipo makolo nawo adzalowa m'bwalo. Dzina langa walemba kale, m'katakana, kuti ndisalizindikire n'kulifufuta. Ine ndayamba kutsimphina lero lomwe, kuti pofika tsikulo mudzi wonse udzachitire umboni kuti bondoli ndi lakalekale.