Tchaja Yobwereka Sichedwa Kuthyoka

Makolo athu, amene anafa osaonapo soketi, anatisiyira mawu akuti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Khasu lalima minda ya mwini wake dzinja ndi dzinja popanda dandaulo, koma lingolowa m'manja mwa mnansi, mzere wachiwiri usanathe, mpini thyo! Wobwereka uja amabwerera ali zyoli, khasu dzanja ili, mpini dzanja linali, uku akulumbira kuti sanagunde chitsa.

Anthu ambiri a m'tauni lero alibe khasu, koma mwambiwu sunapume pantchito. Unangosamuka kumunda n'kukakhala pakhoma, m'munsi mwa soketi. Khasu la masiku ano ndi tchaja ya foni. Nayonso ili ndi zigawo ziwiri, mutu ndi chingwe, ndipo nayonso imadziwa kusankha tsiku lofera: tsiku limene yapita kukagona kwa aneba.

Kubwereka tchaja kuli ndi mwambo wake. Wobwereka safika ndi nkhope ya munthu wopempha. Amafika ndi nkhope ya munthu amene zamugwera. "Pepanitu alamu, foni yanga yatha moto, ndiye pali wina andiimbire pa nkhani yofunika zedi. Mphindi zisanu zokha." Wina uja saimba, ndipo palibe wotchi padziko lino imene inakwanitsapo kuwerenga mphindi zisanu zimenezo mpaka kumapeto. Akatswiri pa lusoli sabwera okha, amatuma mwana. Mwana amaima pakhomo, manja kumbuyo, n'kuti, "Akuti amayi muwabwereke tchaja." Mungamufunse chiyani mwana za tchaja ija inapita mwezi watha? Iye wangotumidwa.

Palinso lamulo lina limene silinadutse ku Nyumba ya Malamulo koma limagwira ntchito kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Limati wochepekedwa moto ali ndi ufulu wozula foni ya mnzake. Pamaliro, kuofesi, kogona ana asukulu, paliponse pamene pali soketi imodzi ndi anthu khumi, mudzapeza foni yanu ili pambali, chingwe chanu chikuyamwitsa foni yachilendo. Mukafunsa, yankho lake ndi masamu: "Yanu inafika 60, achimwene, yanga inali pa 3." Mlandu wathera pomwepo. Amene ali pa 60 ndi mpondamatiki, ndipo mpondamatiki sadandaula pagulu.

Tisawaseke kwambiri, chifukwa soketi kwathu kuno ndi chuma. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi a ESCOM. Mafoni anafika m'midzi mawaya asanafike, n'chifukwa chake wometa tsitsi amene ali ndi sola amadyera mitu iwiri, wa munthu ndi wa tchaja. Ngakhale a m'tauni analawako mu January 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Miyezi imeneyo chibale chinkatsata laini ya magetsi. Azakhali amene munawaiwala kalekale munkawakumbukira mwadzidzidzi, n'kupita kukawazonda mutanyamula mafoni a banja lonse m'jumbo, chifukwa mwamva kuti kwawoko ayaka.

Tsopano tiyeni pabwalo. Tchaja yabwerako itafa. Mwini wake akuti inachoka ili bwinobwino. Wobwereka akuti iye anangoilowetsa basi, sinayake n'komwe. Wabodza ndani?

Chovuta n'chakuti onse awiri akhoza kukhala akunena zoona. Mkati mwa chingwe muli timawaya ta mkuwa tambirimbiri, tochepa ngati tsitsi. Pakhosi pa chingwe, pamene chimalumikizana ndi kachitsulo kolowa m'foni, ndi pamene chimapindika tsiku lililonse, ndipo timawaya tija timaduka kamodzikamodzi, mwakachetechete, kwa miyezi. Kunja chikopa chimaoneka chosalala, mkati mwatsala kawaya kamodzi kogwirizira banja lonse. Kawaya kotsirizako kayenera kudukira m'manja mwa winawake, ndipo tsoka limagwera amene wagwira komaliza. Mpini wa makolo ujanso unali ndi mng'alu kale, chitsa chinangomalizitsa.

Ndiye mwini wake asadzionetse woyera mtima. Kodi ndani amabwereketsa tchaja yake yabwino? Nyumba iliyonse ili ndi kabati kosungiramo matchaja odwala, ndipo mlendo akagogoda, dzanja limapita komweko. Mudzaidziwa tchaja yoteroyo ndi malangizo amene imanyamuka nawo: "Mukailowetsa muipinde chonchi, kenako muitsamiritse kukhoma, pamwamba muikepo buku. Ikayamba kutchaja musaikhudzenso, ndipo ana asadutse pafupi." Chinthu chimene chikuperekedwa ndi malangizo otere si chobwereketsa ayi. Ameneyo akukupatsani wodwala kuti akafere kwanu, maliro akhale anu.

Koma wobwerekanso ali ndi machimo ake. Tchaja ya mwini amaigwiritsa ntchito atagona chagada, foni ili pachifuwa, chingwe chitapindika pakhosi paja, akuseka za pa TikTok mpaka tambala woyamba. Pozula sagwira kumutu, amakoka chingwe ali chikhalire pampando. Pobweza amachikulunga molimba kuzungulira mutu wa tchajayo, poganiza kuti akuonetsa ulemu, pamene akuchipotokola khosi. Chimene sunatulutsire ndalama sichipweteka m'manja. Apa ndi pamene makolo analoza chala, ndipo sanaphonye.

Pali mboni ina imene siitanidwa kubwalo: thumba la buluku. Foni ikamakhala m'thumba, kabowo kake kotchajira kamameza fumbi, ulusi wa nsalu ndi nyenyeswa za mtedza wokazinga. Nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumazisindikiza mkati, mpaka kachitsulo kaja kamalephera kufika pansi. Foni imakana kutchaja, tchaja n'kunamiziridwa, aneba n'kusiya kupatsana moni. Pamene mankhwala ake ndi kuzimitsa foni n'kutokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano kapena pini yachitsulo. Zimene zimatulukamo zimatha kuyanjanitsa mabanja.

Achinyamata sangakhulupirire kuti kunali nthawi imene kukana kubwereketsa tchaja kunali kosavuta, kopanda bodza ndi kopanda chidani. Kampani iliyonse inali ndi kamwa lake. Nokia yokha inali ndi pini yaikulu ndi pini yaing'ono. Samsung, Motorola ndi Sony Ericsson aliyense ankayenda njira yake. Munthu ankabwera, inu n'kuyang'ana foni yake mwachisoni, n'kuti, "Ndikanakubwerekani ndi mtima wonse, koma sizingalowane." Iye ankapita akukuthokozani. Mdani yekhayo wa mtendere umenewu anali katchaja kaja ka timano tiwiri, kothwanima magetsi amitundumitundu, kamene kankaluma batire lililonse bola mwalichotsa m'foni.

Kenako zinthu zinayamba kuipa. Mu 2009 makampani akuluakulu a mafoni anagwirizana zoti azigwiritsa ntchito kamwa limodzi, la Micro-USB. Apple inapitiriza kuyenda yokha, ndipo mu 2012 inatulutsa lakelake lotchedwa Lightning, zimene zinasiya eni iPhone ali anthu omaliza okhala ndi chifukwa chomveka chokanira, ngakhale kuti nawonso moto ukawathera ankasowa kolowera. Ndiye mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2022 lakuti kuyambira pa 28 December 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko akhale ndi kamwa la USB-C, lija timangoti Type C. Apple sinadikire tsikulo. iPhone 15 ya mu 2023 inabwera ndi Type C. Aphungu a ku Ulaya ankafuna kuchepetsa zinyalala za matchaja otayidwa, ndipo cholinga chawo chinali chabwino. Koma palibe anapita ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi kukafunsa kuti munthu azikana bwanji tsopano. Lero Tecno, Itel, Samsung ndi iPhone zatsopano zikudyera mbale imodzi, ndipo amene safuna kubwereketsa watsala ndi njira imodzi yokha, kunama kuti anaiiwala kuntchito.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, makampani ena anayamba kugulitsa foni yopanda mutu wa tchaja m'bokosi. Apple inayamba ndi iPhone 12 mu 2020, Samsung n'kutsatira ndi Galaxy S21 mu 2021, onse akuti n'kusamala chilengedwe. Ife sitinadabwe kwenikweni, pakuti khasu kumsika timagula lopanda mpini. Kusiyana kwake n'kwakuti mpini umakasema wekha kuthengo, pamene mutu wa tchaja sumera pamtengo. Munthu wagula foni ya mtengo wa ng'ombe, tsiku loyamba lomwelo ali pakhomo pa aneba, "Odi kuno!"

Akatopa ndi manyazi amapita kumsika kukagula wotchipa, umene wogulitsa amalumbira kuti ndi orijino. Kawirikawiri umakhala wa mano awiri obulungira, pamene masoketi athu ndi a mabowo atatu, potengera a ku Britain. Apa m'pamene chivindikiro cha bolopeni chinapeza ntchito yachiwiri, yotokosa bowo lapamwamba kuti apansi atseguke. Masewera amenewa ndi oika moyo pachiswe. M'khoma muli mavoti 230, foni imafuna 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chimene chaima pakati pa ziwirizi ndi kabokosi kamene mwagula mtengo wa mandasi ochepa. Mutu wachinyengo umatentha, umalira ngati udzudzu, ndipo nthawi zina umachititsa foni kuyamba kudzidina yokha ili pamoto. Uthenga wosamveka ukapita kwa apongozi pakati pa usiku, musathamangire kwa sing'anga. Yambani mwasintha tchaja.

Pawabanki nayo yadanitsa anthu osalakwa. Pachikopa palembedwa 10,000 mAh, batire la foni ndi 5,000 mAh, ndiye mwini wake amawerengera kuti idzaza foni kawiri. Ikabwerako itauma pamene wobwereka akuti anatchaja kamodzi ndi pang'ono, mlandu umabuka: "Mwatchajira mudzi wonse eti?" Koma nambala ija imawerengedwa pa mavoti 3.7 a mabatire a mkati. Potuluka, motowo umakwezedwa kufika pa mavoti 5, ndipo wina umatayika ngati kutentha. Umene umafika m'foni ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, pawabankiyo ikakhala yeniyeni. Choncho wobwerekayo mwina sanalakwe. Mwinanso anatchajiradi mudzi wonse. Sayansi siikana zimenezo.

Khasu loopsa kuposa onse ndi losaoneka ndi maso, la hotspot. "Asisi, tanditsegulireniko pang'ono, ndingotumiza uthenga umodzi pa WhatsApp." Munthuyo akhoza kukhala woona mtima, koma foni yake ilibe khalidwe. Ikangolumikizidwa imayesa kuti yapeza Wi-Fi yaulere, ndiye zonse zimene inkadikira kwa milungu imaziyamba nthawi imodzi: kukonzanso mapulogalamu, kukweza zithunzi, kutsitsa mavidiyo onse a pagulu la kumpingo ndi la anzake a kusekondale. Uthenga umodzi uja usanafike n'komwe, bandulo yanu ya sabata yapita. Choipitsitsa, foniyo imasunga pasiwedi. Mawa mwini wake akangodutsa pafupi inu mutatsegula, imadzilowetsa yokha popanda odi. Khasu la makolo silinkadzuka lokha usiku kukalima kwa mnansi. Ili limatero, ndipo mpanda wake ndi umodzi: kusintha pasiwedi mlendo akangotsanzika.

Kodi tsono tileke kubwerekana? Mwambi sunatero. Anthu amene anaupeka anapitiriza kubwerekana makasu, nkhwangwa, mitondo ndi moto weniweni wa pachikuni, chifukwa ankadziwa kuti wokana lero ndi wopempha wa mawa. Mwambiwu sukulankhula ndi mwini khasu; ukunong'oneza wobwereka kuti chinthu cha mwini chimabwera ndi mlandu wake, ndipo ngati ukulima tsiku lililonse, gula lako. Amene wabwereka tchaja kamodzi wapanikizika. Amene amabwereka m'mawa uliwonse, mpaka kudziwa msomali umene imakolekedwa, ameneyo ndi mnzanu pa umwini, ndipo tsiku logula ina ayenera kusonkha.

Kwa eni matchaja, chilungamo n'chosavuta. Ngati mukubwereketsa yodwala, nenani kuti ndi yodwala, kuti ikafa tonse tilire limodzi popanda kulozana zala. Ngati mukubwereketsa yabwino, imangeni kaulusi kofiira kapena idontheze utoto wa m'zikhadabo, chifukwa matchaja oyera onse ndi ofanana nkhope, ndipo imene imabwerako si nthawi zonse imakhala imene inapita.

Koma musanapite kwa amfumu kukasuma aneba, taimani kaye muyang'ane tchaja inafayo bwinobwino. Munaigula sitolo iti? Ndalama zingati? Ngati mwayamba kukanda m'mutu, khalani pansi mwakachetechete, chifukwa kwinakwake kuli mlamu wanu amene mpaka lero akudikira kuti mphindi zisanu zanu zikwane.