Akukuwiranji Ana Aja?

Pa mphambano yolowera kumsika pali mtengo wa mango pomwe mnyamata wina amamatirapo matayala a njinga. Kuseri kwake kuli mpanda wa sekondale yoyendera. Lachitatu masana, belu loweruka litalira kale, kumpandako kunkamveka ana akukuwa mawu amodzimodzi, kenaka zii, kenakanso kuyambira poyamba.

Mayi wogulitsa zitumbuwa pamthunzipo anapukusa mutu. "Wanga ali momwemo. Ali Fomu 3, mayeso ndi chaka chamawa, koma masana onse akuthera ku zisudzo. Kunyumba madzi osatunga, buku osagwira."

Bambo wina wa imvi, amene ankadikira tayala lake, anayamba watchera khutu kumpandako asanayankhe. Wokonza njinga uja ankawatchula kuti aphunzitsi, ngakhale anapuma kale ntchito.

"Mayi, tamvetserani bwino. Akuphunzira kupuma ana amenewo. Mwana akamatulutsa mawu pakhosi, pofika pakati pa sewero amakhala atasasa mawu. Ndiye timamuimika kugolo ina, mnzake kugolo inayo, n'kumuuza kuti alankhule kuchokera m'mimba mpaka mnzakeyo amve liwu lililonse. Zikatheka zimenezo, aphunzire kusafulatira anthu oonera, kusaphimba mnzake pasiteji, kudziwa pomwe ayike manja. Chovuta kuposa zonse ndi kumvetsera. Mwana amaloweza mizere yake yokha, n'kumangodikira kuti mnzake atseke pakamwa. Kuti aphunzire kuyankha ngati akumva nkhaniyo koyamba, pamapita teremu yathunthu."

"Ndiye zidzamudyetsa zimenezo, aphunzitsi?"

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo bamboyo sanalipeputse. Anavomera kuti ochita zisudzo kuno kwathu ambiri sakhalira zisudzo zokha. Koma anafunsa mayiyo ngati mwana wawo ankatha kuimirira pagulu n'kulankhula asanalowe m'kalabuyo. Mayiyo anaseka pang'ono n'kunena kuti kale ngakhale kupereka moni kwa alendo ankayang'ana pansi, koma mwezi watha anawerenga mawu kutchalitchi anthu mpaka kufunsana kuti ndi mwana wa ndani.

Mnyamata wa kabaza amene anaima kuti apope tayala analowererapo. "Madala, zisudzo ndi mphatso basi. Izeki ndi Jakobo anawaphunzitsa ndani kuseketsa?"

"Mphatso analidi nayo John Nyanga ndi Eric Mabedi, eni ake a maina amenewo," anatero bamboyo, "koma anaisula kwa zaka zambiri m'gulu la Kwathu. Kudziwa pamene ukhale chete kuti anthu amalize kuseka usanaponye mawu ena, zimenezo umachita kuphunzira pamaso pa anthu."

Apa nkhani inawakomera bamboyo, moti tayala linatha kumatidwa iwo osalilabadira. Anakumbutsa za mpikisano wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, umene unayamba mu 1969. Masukulu ankapikisana kuyambira m'zigawo mpaka kufika pa ndime ya dziko lonse, ndipo sukulu ikapambana, tauni yonse inkadziwa. Du Chisiza Jnr anatulukira momwemo: mu 1982, ali mwana wasukulu ku HHI mu Blantyre, sewero lake la The Deceased's Attack linapambana. Mu 1987 anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo pomwe ankamwalira mu 1999 anali atalemba masewero ochuluka zedi. Masiku a chipani chimodzi, bamboyo anati, sewero linkayamba lapita ku Censorship Board lisanaonetsedwe, choncho ana ndi aphunzitsi awo anaphunzira kukulunga nkhani m'miyambi ndi m'nthano kuti wakumva amve.

Ine ndinali pabenchi pomwepo, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi dandaulo lawo lotsatira. Ku pulayimale ana amalawako zoimba, zovina ndi zisudzo m'phunziro la Expressive Arts. Akafika ku sekondale, sewero limasanduka buku lolowezera mayeso a MSCE. Mwana atha kukuuzani kuti Macbeth anapha Duncan, koma sanaimirirepo n'kuyesa kulankhula ngati munthu amene manja ake ali magazi okhaokha. Shakespeare analemba zimenezo kuti zichitidwe pamaso pa anthu, ndipo kalasi imene yasuntha madesiki n'kuchita gawo limodzi lokha imamvetsa msanga kusiyana ndi imene yakopera manotsi sabata yonse. Pamenepa ndimagwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndi chimodzimodzi ndi zisudzo za m'mabuku a Chichewa.

Ntchito yonseyi, m'masukulu ambiri, yatsamira pa mphunzitsi mmodzi wodzipereka. Ndiye amalemba sewero usiku, ndiye amabwereka jekete kwa alamu ake kuti mwana aoneke ngati bwana, ndiye amapemphetsa ndalama ya galimoto tsiku la mpikisano. Akangomusamutsa, kalabu imafera pomwepo. N'chifukwa chake bamboyo ankalimbikira kuti mphunzitsi wanzeru aziphunzitsa ana a Fomu 3 kutsogolera anzawo, kulemba okha masewero, kusoka zovala ndi kusunga nthawi kuseri kwa siteji. Anakumbukiranso ophunzira a Travelling Theatre a ku Chancellor College, amene anasiya kuchita za Chingerezi zokha n'kuyamba kupita kumidzi ndi masewero a m'Chichewa. Mwana amene Chingerezi chimamukola lilime, anati, muyambitseni m'chilankhulo chake, muone mmene thupi limamasukira.

Mayi uja anamvetsera zonsezo, koma nkhawa yawo ina inali isanayankhidwe. "Zonsezo ndamva, aphunzitsi. Koma ndi mwana wamkazi, ndipo kwathu n'kutsidya kwa dambo. Dzana wafika kutada."

Bamboyo anasintha nkhope. "Pamenepo mwanena zoona, mayi, ndipo musakhale nazo chete. Mphunzitsi wa zisudzo ayenera kukhalapo iye mwini mpaka mwana womaliza atachoka, ndipo makolo adziwe masiku ake ndi nthawi yoweruka. Pitani mukaonane nawo, mukafunsenso tsiku limene adzaonetse seweroli."

"Ndipita mawa m'mawa ndisanayatse moto," anatero mayiyo, akukulunga zitumbuwa ziwiri za mnyamata wa kabaza. "Azichita, koma 4 koloko ikakwana aziweruka."