Kupatsa n'kuika, koma galimoto ndi yaing'ono

Makolo amene anapeka mwambi woti kupatsa n'kuika analibe galimoto. Iwo ankaona patali: ukam'gawira mnzako lichero la ufa chaka cha njala, iyenso adzakukumbukira tsiku limene nkhokwe yako idzapse. Chimene waika chinkatha zaka usanachitape. Masiku ano banja la m'tauni likapita kumudzi patchuthi cha ana a sukulu limaika Lachisanu n'kutapa Lamulungu, chiwongoladzanja chili pamwamba, ndipo zonsezo ziyenera kukwana mu Sienta.

Popita galimoto imakhala yopepuka. Mumakhala shuga, sopo, mafuta ophikira, buledi, chitenje cha agogo ndi zovala zimene zinawachepera ana. Kuika kwake n'komweko. Usiku woti mawa ndi ulendo wobwerera ku Blantyre, bambo amalengeza kuti kunyamuka ndi 6 koloko m'mawa kuti akafike kukuwala, ndipo mudzi wonse umavomera mwaulemu. Pofika 10 koloko apongozi akadali kutonola chimanga. Nkhuku yaphedwa kale, nsima ili pamoto, ndipo mlendo sachoka pakhomo ndi njala. Mumatsanzika dzuwa litapendeka.

Tsopano onani zotapazo. Thumba la chimanga la makilogalamu 50, mtedza wosaswa, mbatata, maungu, nzimbe zotalika kuposa galimoto, chigubu cha thobwa, ndi tambala wamoyo womangidwa miyendo ndi luzi. Mkamwini akayesa kunena kuti, "Amayi, malo atha," yankho lake ndi lokonzeratu: "Aa, bambo, tinthu tochepa tomweti? Anawa afukate pamiyendo." Munthu sakangana ndi apongozi. Amangozungulira galimoto mwakachetechete, kuyang'ana matayala akumbuyo amene aphwatalala, n'kunena kuti zikomo kwambiri.

Chiwongoladzanja chenicheni chimabwera ndi miyendo yake. Injini italira kale, kuseri kwa nkhokwe kumatulukira mnyamata wosamba bwino, atanyamula jumbo. "Alamu, uyu mungokam'siya pa Lunzu, pali azakhali ake." Palibe anakuuzani za iye masiku onse amene munali pamudzipo, chonsecho jumbo ija ikuoneka kuti inalongedzedwa dzana.

Ana amene popita ankaimba ndi kuwerenga ng'ombe m'mbali mwa msewu tsopano akulimbirana zenera, wamng'ono akudandaula kuti tambala akumuyang'ana. Mukalowa mu M1 kuchokera ku Lilongwe mumapeza kuti msewu nawonso unauphunzira mwambi uja. Chipata cholipiritsa cha pa Chingeni ku Ntcheu chinatsegulidwa mu 2021, cha pa Kalinyeke ku Dedza chinatsatira mu 2022, ndipo amatiuza kuti ndalamazo n'zokonzera misewu. Ife timaika mokhulupirika popita ndi pobwera. Za tsiku lotapa, tayala lakumanzere limafunsa pa dzenje lililonse.

Pa Lizulu m'pamene pamaonekera kuti mawu oti "malo atha" n'ngongolankhula. Apa msewu ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, ndipo konsekonse kwayalidwa kabichi, kachewere, anyezi, karoti ndi tomato. Mayi amene kumudzi ankausa moyo poona maungu amangoti, "Bambo, taimani pang'ono, kuno n'kotchipa." Pang'ono wa pa Lizulu ndi theka la ola. Ndowa ya kachewere imakhuthulidwa kumapazi kwa ana, kabichi amapatsidwa mnyamata wa pa Lunzu kuti afukate, ndipo iye amalandira ndi manja awiri, poti akudziwa kuti tikiti yake ndi yomweyo.

Kudutsa pa boma la Ntcheu ana amagona, ndipo m'galimoto mumayamba khoti. Mayi amafunsa motsitsa mawu, maso ali kutsogolo: "Kodi amalume aja munawapatsa zingati?" Bambo amati kangachepe. "Nanga aja anakuitanirani kuseri kwa nyumba?" Bambo amakweza wailesi. Zoona zake n'zoti aliyense wa awiriwa anagawa mobisa ndalama imene mnzake ankayesa kuti ndi ya petulo, ndipo kamuvi kamafuta kakuloza pansi. Palibe woweruza mlandu umenewu chifukwa onse ndi opalamula. Umangotha ndi thobwa, limene lakhala likufufuma m'chigubu ndi kutentha kwa ku Phalula, mpaka chivindikiro chiphulike n'kudzutsa tambala.

Pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa Shire, mumafika kutada. Tochi ya pa rodibuloko imayenda pang'onopang'ono: mitu ya ana, kabichi, nkhope ya mnyamata, nzimbe. "Mwanyamula makala, bwana?" Bambo amayankha kuti ayi monyadira, pakuti m'dziko lonse la Malawi makala ndicho chinthu chokhacho chimene mulibe m'galimotomo.

Pa Lunzu foni ya azakhali sikupezeka. Mumaimba kawiri, katatu. Mnyamata akuti nyumba yake saidziwa bwino usiku. Ndani angasiye mwana wa eni pamsewu nthawi ngati imeneyo? Agone kwanu lero lokha. Pakutha pa mwezi amakhala akudziwa mayina a aneba onse, ndipo kumudzi atumiza uthenga woti mnyamatayo ndi wanzeru, akungosowa fizi.

Ine chimanga sindichidandaula. Wina akhoza kuwerengera petulo ndi zolipira pa zipata n'kupeza kuti thumba lomwelo akanagula motchipa mumsika wa Limbe, koma wowerengera chotero sanaone nkhokwe imene thumbalo lachokamo, kuti kwatsala zochepa bwanji. Apongozi amapatsa mowolowa manja kuposa ife amene timabwera ndi mapaketi awiri a shuga n'kufuna kuti mudzi wonse uone. Ngakhale tambala ndimamukhululukira, ngakhale kuti amagona m'bafa n'kudzutsa mdadada wonse 3 koloko usiku.

Koma inu amene mukukonza ulendo wa kumudzi tchuthi chikubwerachi, landirani zonse zimene akupatseni, muthokoze mogwada. Chinthu chimodzi chokha: musanalize injini, pemphani nambala ya azakhali a pa Lunzu, muimbe muli pomwepo, mudzi wonse ukumva.