Safunsa Anadya Phula: Za Anthu Olipira Ndalama Kuti Ayende Wapansi

Mwambi wakuti "safunsa anadya phula" ndi umodzi mwa miyambi imene ena amaganiza kuti inapuma pa ntchito chibwerere foni ya m'manja, koma kuulondola bwino kumasonyeza kuti unangosamukira m'tauni, kumene tsopano umalandira malipiro. Phula, kwa amene anakulira kutali ndi ming'oma ya njuchi, ndi chimene chimatsala m'chisa uchi ukafinyidwa, ndipo vuto lake ndi lakuti limanunkhira ngati chakudya, limalola kutafunidwa kufikira nsagwada zitatopa, koma m'mimba simufika kanthu. Mwambiwu umadzudzula munthu amene, chifukwa cha manyazi kapena matama, amalephera kufunsa kuti pa zimene zili patsogolo pake chodyedwa n'chiti.

M'mizinda yambiri ya padziko, kuyambira London mpaka Zanzibar, muli ntchito yotchedwa ulendo wapansi woona mbiri ya mzinda, kutanthauza kuti gulu la alendo limalipira munthu mmodzi, amene pano atchedwa namulondola, kuti aliyendetse m'misewu, aziliimika padzuwa patsogolo pa nyumba zakale, ndi kulifotokozera amene anazimanga, chaka chake, ndi zimene zinachitikira m'menemo. Mzinda wa Blantyre uli ndi zonse zoyenerera ulendo wotere. Komabe munthu wa ku Tsangano, m'mapiri a Kirk Range m'boma la Ntcheu, amavutika kuimvetsa ntchitoyi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kumeneko kuyenda wapansi si chinthu chogula ayi, koma ndi chimene chimatsala ndalama ya kabaza ikaperewera, kotero kuti kuona munthu wokhala ndi galimoto akuisiya dala n'kulipiranso kuti atuluke thukuta kumafuna kufotokozera kwa sing'anga. Chachiwiri, mtengo wa funso kumeneko ndi moni basi, ndipo wofunsa njira mwaulemu nthawi zina amaperekezedwa mpaka kumtsinje popanda lisiti.

Ngakhale zili choncho, mwambiwu sumusiya wa ku Tsangano apite mfulu. Wamalonda amene amakweza matumba a mbatata ya kachewere pa lole usiku n'kukacherezera ku msika wa Limbe kapena wa Blantyre si munthu wosafunsa, pakuti amadziwa mtengo wa thumba pa ola lililonse, amadziwanso wachiwaya amene amalipira pompo ndi amene amati "mubwere mawa, bwana". Koma mafunso ake onse amathera m'thumba lomwelo, ndipo angathe kudutsa pafupi ndi nyumba ya Mandala kwa zaka makumi awiri akuiyesa ofesi ya munthu wolemera amene analephera kugwetsa nyumba yakale. Munthu wotereyu mzindawo wautafuna ndithu, fumbi lake, phokoso la makondakitala ndi mitengo ya zipinda zogona, koma mbiri yake sinamufike pakhosi.

Chimene namulondola wabwino amayamba nacho ndi chakuti mzinda wa Blantyre weniweniwo unabadwa pa ulendo wapansi wokhala ndi namulondola. Henry Henderson, amene mpingo wa Church of Scotland unamutuma kudzafuna malo a mishoni, anafika kuno mu 1875, ndipo malo a m'mbali mwa nyanja atalephera kumukhutiritsa anakwera ku mapiri a kum'mawa kwa Shire motsogozedwa ndi Tom Bokwito, mbadwa ya chigawochi amene anaomboledwa kwa ogula akapolo ali mwana n'kukaphunzira ku Lovedale, ku South Africa. Bokwito ndiye ankadziwa chinenero, njira ndi mafumu, pamene Henderson ankadziwa chinthu chimodzi chofunika, ndicho kufunsa. Motero mu 1876 mishoni inakhazikitsidwa m'dera la mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, n'kupatsidwa dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Mmene mbiri inagawira mphoto n'zophunzitsa kwa aliyense wofuna kulowa ntchito ya unamulondola: dzina la wofunsayo lili pa sukulu ya Henry Henderson Institute, imene ana onse amaidziwa kuti HHI, pamene dzina la woyankhayo limafuna kuti munthu afunse kaye.

Pamalo a mishoni pomwepo pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za kamangidwe ka nyumba, pogwiritsa ntchito njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa komweko ndi anthu akuda. Tchalitchichi chikadali chilili patapita zaka zoposa 130, zimene ziyenera kuchititsa manyazi nyumba zina zomangidwa ndi anthu a madigiri zimene zimang'aluka mvula yachiwiri isanathe. Nyumba ya Mandala nayo inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya malonda yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene inadzadziwika kuti African Lakes Corporation, ndipo m'mwamba mwake muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi. Ndi ku sitolo ya kampani imeneyi kumene anthu a John Chilembwe anapita usiku mu January 1915 kukalanda mfuti, ulendo wapansi winanso umene unachokera ku Mbombwe, ku Chiradzulu, koma umene eni sitolo sanaukonzekere.

Apa ndi pamene mwambiwu umafuna kuonjezeredwa, chifukwa makono ano atulukira njira yodyera phula ngakhale munthu atafunsa, atalipiranso. Pali mtundu wa namulondola amene analoweza zaka ndi maina a azungu okhaokha, ndipo akafunsidwa za amene anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kusenza katundu pamutu kuchokera ku dooko la Katunga pa Shire, amayang'ana wotchi n'kunena kuti gulu lifulumire. Palinso mtundu wa mlendo amene pa ulendo wonse amafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi n'zololedwa kujambula, ndipo akaloledwa amafulatira tchalitchi, n'kutambasula mkono, n'kujambula nkhope yake imene anachoka nayo kwawo, nsanja ya Scott ikusuzumira kuseri kwa khutu. Chithunzicho chimafika pa Facebook iye asanafike pachipata, ndipo abale ake amayamikira malaya. Woopsa koposa onse ndi amene amayenda foni ili m'manja n'kumatsutsa namulondola chaka ndi chaka, pakuti ameneyu walipira munthu kuti amuuze zinthu, kenaka n'kumathera mphamvu zake pomuletsa kunena.

Chilungamo chimafuna kuti mlandu womwewu uzengedwenso kwa anthu a m'tauni. Tsiku lililonse magalimoto ochokera ku Blantyre ndi Lilongwe amaima pa mphambano ya Tsangano, pa msewu wa M1, ndipo okweramo amatsitsa galasi pang'ono n'kufunsa funso lawo limodzi: "Ndowa mukuchita bwanji, mayi?" Akatsitsitsa mtengo amanyamuka, osadziwa kuti akuyenda m'mphepete mwa malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891, malire amene anadula dziko la Angoni a kwa Maseko pakati, kusiya phiri la Domwe ku Angonia, m'dziko la Mozambique, kotero kuti pa Lizulu munthu angathe kugula tomato m'dziko lina n'kulandira chenje ataponda m'dziko linzake. Sadziwanso kuti m'boma lomweli la Ntcheu asilikali a atsamunda anapha Inkosi Gomani woyamba mu 1896, ndiponso kuti mwana wake, Philip Gomani, anachotsedwa pa mpando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Nkhani zimenezi zilipo m'mitu ya agogo ambiri a m'deralo, amene mpaka lero amazipereka ulere kwa aliyense wokhala pansi n'kufunsa.

Achinyamata a ku Tsangano amene anamaliza Fomu 4 n'kumadandaula za ulova angachite bwino kuphunzirapo kanthu pa anzawo a m'mizinda, n'kuyamba kuyendetsa alendo m'minda ya tirigu ndi kachewere mpaka pa malire, ndi kumawalipiritsa popanda manyazi, malinga gawo lina la ndalamazo lizifika kwa agogo eni nkhani. Zinthu ziwiri zokha ziyenera kukonzedwa ntchitoyi isanayambe. Mawu akuti "ndi pafupi pompa" aletsedwe pamaso pa alendo, chifukwa pompa wa ku Tsangano angathe kudya maola atatu ndi zitunda zinayi, ndipo alendowo auzidwiretu kuti atenge majuzi, pakuti mu June ndi July kumeneko kumazizira kwambiri.