Mphenzi ya m'botolo: kalata yochokera ku Joni

Kwa Amayi ndi Amalume, ku Migowi,

Neon ndi mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha umene William Ramsay ndi Morris Travers anautulukira ku London m'chaka cha 1898, ndipo umayaka mofiirira ukatsekeredwa m'kapaipi kagalasi n'kupitsamo magetsi amphamvu. Ganyu amene mlembi wa kalata ino wapeza ku Johannesburg ndi wothandiza mmisiri wina amene amafewetsa timapaipi totere pamoto n'kumatipinda, kwinaku akuuziramo kuti tisatsekeke popindikapo, mpaka titasanduka njoka, duwa kapena nkhope ya munthu.

Atalingalira mofatsa, mlembiyu watsimikiza kuti abwana akewa ndi asing'anga, kungoti amakhoma msonkho. Nsupa yawo ndi mpira wagalasi wodzaza ndi plasma, ndiko kuti mpweya umene magetsi autakasa mpaka kuyamba kuwala, ndipo m'katimo timphenzi timavina usana ndi usiku, koma munthu akangogunda galasilo timathamangira pachala chake ngati anapiye oona madeya. Chizimba cha m'timapaipi tija si mchira wa fisi ayi, koma kadontho ka mercury, kamene kakakumana ndi mpweya wina wotchedwa argon kamatulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo. Kumudzi, munthu woweta mphenzi m'nyumba akanaitanidwa kale kubwalo la amfumu, pamene kuno amamuombera m'manja n'kumajambulitsa naye. Odwala ake sabwera ndi nkhuku, sachira chilichonse, amangolipira n'kukapachika mankhwalawo pakhoma. Mlembi, pokhala wonyamula thumba la asing'anga, gawo lake pa ufiti wonsewu ndi kusesa magalasi osweka.

Nsupazi zatha miyezi iwiri osagulidwa, choncho malipiro abwera theka, ndipo mwezi uno ndi umene mphenzi zenizeni zimayamba kung'anima pa Michesi. Ndalama zimene zifike pa Mukuru Loweruka zikwanira malata anayi m'malo mwa khumi aja analonjezedwa, ndiye Amalume ayambe kufolera chipinda chogona Amayi, ndipo achirikize khoma lakumpoto limene lakhala long'aluka chichokere namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Mvula ikalimba usiku, Amayi asadikire kuti kuche, atenge ana akagone kwa azakhali kumtunda. Zotsala agule mabatire a tochi.

Mwana wa m'nyumbamo,
ku Joni