Mpira wathu unaphwa mu 2018

Mwezi watha ndinapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Anamwino anandikulunga chilamba chija pamkono, anapopa, anayang'ana manambala, anapukusa mutu n'kupopanso. Anandifunsa ngati ndimasuta. Ndinakana. Anafunsa ngati ndimathira mchere wambiri m'ndiwo. Ndinati mchere wake uti, mmene zinthu zakwereramu. Atafika pa funso la mowa ndinangoti ndine Mngoni wa ku Ntcheu, iwo analemba okha m'buku osafunsanso kuti kangati pa sabata. Kenako anaika cholembera pansi.

“Nanga bambo, chikukudyani n'chiyani?”

“Ndimachemerera Noma, mayi.”

Anandiyang'ana ngati mmene timayang'anira anamfedwa pasiwa. “Pepani. Munayamba liti?”

Matendawa ndi akumtundu. Anzanga amalume awo anawasiyira ng'ombe, ena dimba la kabichi m'mbali mwa mtsinje, ena ngolo. Ine amalume anga, amene anagwirako ntchito ya fodya ku Limbe, anandisiyira wayilesi yothyoka mlongoti ndi timu ya Wanderers, Noma imeneyi. Ankandikhazika pamwendo Loweruka masana, n'kumandiuza za Yasin Osman ndi Jack Chamangwana ngati kuti ankadyera nawo mbale imodzi. Ankati timuyi inabadwa mu 1962, ndipo a Bullets, Maule aja, ndi ana athu amene anachoka pakhomo mu 1967 kukamanga banja lawo. Pamenepo ankakweza chala: “Mwana sangapose bambo ake.” Amalume anapita msanga, asanaone zimene mwanayo anadzawachita bambo ake.

Kuchokera nthawi imeneyo timu yasintha mayina kambirimbiri. Inali Yamaha, inakhala Limbe Leaf, inakhala MTL, inakhala Be Forward, kenako Mukuru. Osewera abwera n'kupita, aphunzitsi abwera n'kupita. Amene sanasinthe ndine ndekha, ndi kampando kanga kandalema kamene ndimakhalira pomvera mpira.

Mwina mufunsa kuti munthu wa ku Ntcheu ukuvutikiranji ndi timu ya mumsewu wa Lali Lubani ku Blantyre, kumene sakudziwa n'komwe kuti unabadwa. Funso labwino, ndipo mayi a kunyumba amalifunsa sabata iliyonse. Koma taonani nokha. Mu ligi ya TNM ya 2024 munali matimu 16. Salima inali ndi Mafco. Anansi athu a ku Dedza, amene timapikisana nawo pa mbatata ndi pa kuzizira, anali ndi Dynamos yawo. Chitipa, kumathero a dziko uko, inali ndi timu. Karonga inali ndi awiri, Karonga United ndi Baka City, ngati kuti imodzi sinkakwana. Ife a kwa Gomani, zidzukulu za ankhondo amene anachoka kummwera kwa Africa wapansi, kuwoloka Zambezi atanyamula zishango ndi nthungo, tinalibe ngakhale anyamata 11 oti akathamangitse chikopa mu ligi yaikulu.

Mulungu anatiika pakati penipeni pa Blantyre ndi Lilongwe, ndiye gawo lathu pa mpira wa dziko lino ndi kuona mabasi. Maule akamapita kukasewera ndi Silver ku Area 47 amadutsa pakhomo pathu. Asilikali a Kamuzu Barracks akamatsikira ku Kamuzu Stadium amadutsa pakhomo pathu. Ife timaimirira m'mbali mwa M1 ndi ndowa za kachewere, kukweza manja, fumbi n'kutithira m'maso.

Mpira wokhawo umene boma la Ntcheu limadziwika nawo ndi damu. Inde, Damu la Mpira, limene limamwetsa madzi anthu a kuno ndi a ku Balaka. Ndiye tamverani izi, inu amene mumati ine ndimakhulupirira zamatsenga. Noma inatenga ligi mu 2017, itaidikira kuyambira 2006. Usiku umenewo ndinavina ngoma ndekha pabwalo, chivindikiro cha mphika chili chishango, mthiko uli chibonga, agalu a m'mudzi akundiyang'ana modabwa. Chaka chotsatira, 2018, tinapita ku Kinshasa kukaonetsa Africa kuti ndife ndani, AS Vita inatithira zigoli 4 kwa duu. Chaka chomwecho Damu la Mpira linaphwa, amayi a ku Balaka n'kumagona pamijigo. Madzi m'damu anadzabwerera. Ligi ku Lali Lubani tinaidikira zaka ndi zaka, ii!

Apa ndi pamene mlamu wanga amalowera m'nkhaniyi. Mlamu wangayu, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, ndi wa Bullets, ndipo ali ndi mtima wachifundo woopsa. Timu yanga ikagonja samaimba foni kuti andiseke, iyayi. Amapalasa njinga kuchokera ku Kampepuza, kufika pakhomo, kuvula chipewa, kukhala pamkeka mwaulemu wonse.

“Alamu, tamva zovutazi. Tinati tidzakuoneni.”

Amakhala chete pang'ono, kuusa moyo, kenako: “Mwayesako kuchipatala?”

Akatero amadya nkhuku yanga, chifukwa mlamu ndi mlendo wolemekezeka, ndipo mlongo wake sangamuphikire masamba. Bullets inatenga ligi mu 2018, mu 2019, mu ligi ya 2020 imene inatha mu 2021 chifukwa cha Covid, mu 2022 ndi mu 2023. Kasanu motsatizana. Werengani nokha nkhuku. Mu 2023, pansi pa mphunzitsi wa ku Zimbabwe uja Kalisto Pasuwa, anakokolola zikho zonse zinayi: ligi, FDH, Airtel Top 8 ndi Castel. Chaka chimenecho m'khola munatsala tambala mmodzi, ndipo naye akangoona njinga ya alamu ankathawira kumunda kwa aneba.

Mu 2024 ndinati tsopano Chauta wamva kulira kwanga, chifukwa Maule anapunthwa. Ndinakonzeka kupalasa njinga kupita ku Kampepuza, chipewa m'manja, kukawaonako alamu pa zovutazo. Chaona mnzako chapita. Koma ligi inapita kwa Silver Strikers, ife tinathera pachiwiri, ndipo mphunzitsi wa Silver anali Peter Mponda, amene anakhala kaputeni wa Bullets zaka zambiri. Ndisanatsegule pakamwa alamu anandilandira ndi mawu akuti, “Mwana wathu yemweyo, alamu. Tangomubwereketsa kubanki.” Nkhuku sanandiphere. Anandipatsa tiyi wopanda mkaka.

Musaganize kuti ine ndimangokhala osathandiza timu. Ndimagwira ntchito kuposa ena amene amalandira malipiro. Tsiku la masewero jezi yanga yabuluu siichapidwa. Wayilesi ndimailozetsa kummwera, kumene kuli Blantyre. Mwana akadutsa pakati pa ine ndi wayilesi ndimamubweza kuti adutsenso chobwerera, afufute tsokalo. Ndimasintha osewera, ndimakalipira oyimbira, ndimauza goloboyi mbali yoti agwere pa penate. Onsewo samva, koma ndikudziwa kuti vuto ndi mlongoti. Tsiku lina mabatire anatha tikutsalira ndi chigoli chimodzi. Ndinathamanga kugolosale, pobwera ndinapeza tabweza n'kugoletsanso china. Sabata yotsatira ndinazimitsa dala wayilesi, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe kwa mphindi 90 kuti anyamata asewere momasuka. Tinagonja. Mpaka lero sindikudziwa ngati timuyi imafuna ndizimvera kapena ndisamamvere.

Mayi a kunyumba anandipeza kuseri kwa nkhokweko nditatseka makutu. Anaima, dengu lili pamutu.

“Bambo, kodi anthu amenewa akapambana amakutumiziraniko kangachepe?”

“Ayi.”

“Akagonja amakupepesani?”

“Ayi.”

“Dzina lanu amalidziwa?”

Ndinawauza kuti nkhani za mpira n'zozama, sangazimvetse. Anati chozama chimene akuchidziwa iwo ndi ngongole ya feteleza.

Kuthawa ndinayesa, musandione chonchi. Poyamba ndinati ndipeze timu ya kunja yondipumitsa mtima, yoti ndizikaonera m'nyumba ya kanema pamsika, ndalama yolowera n'kulipira. Anyamata anandiuza kuti timu yaikulu padziko lonse ndi Manchester United. Chimene sanandiuze n'chakuti inatenga ligi komaliza mu 2013, chaka chimene Alex Ferguson anapuma. Ndinalowa m'banjamo mwambo wa maliro uli mkati. Mu Marichi 2023 ndinakhala pabenchi lathabwa, mwana wina akundiponda phazi, n'kuona Liverpool ikutithira 7 kwa duu. Loweruka ndinkalirira Blantyre, Lamulungu ndinkalirira Manchester. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sananene kuti onse awiri angakhale odontha.

Ndiye pali Flames, imene munthu sasankha, umangobadwa nayo ngati chipsera. Imeneyi ndi katswiri pokupatsa kachakudya kokwanira kuti usafe. Mu 2010 ku Angola, Kinnah Phiri ali mphunzitsi, tinaswa Algeria 3 kwa duu, ine n'kuyamba kufunsa mtengo wa ulendo wa ku World Cup. Tinagonja masewero awiri otsatira n'kubwerako. Mu Januwale 2022 ku Cameroon tinagonjetsa Zimbabwe, tinalepherana ndi Senegal ya Sadio Mané, tinalowa m'ndime ya matimu 16. Kenako pa mphindi ya 7 Gabadinho Mhango anaponya mzinga uja kuchokera kutali, goloboyi wa Morocco n'kungouperekeza ndi maso. Ine ndinatuluka m'nyumba ya kanema ndi liwiro, kukuwa msika wonse, nsapato imodzi n'kutsala m'ngalande. Pofika kumapeto Achraf Hakimi anali atatibweza kumudzi, 2 kwa 1. Nsapato ija sindinaipeze.

Mu Seputembala 2024 ndinagulitsa matumba awiri a kachewere kuti ndikaone Flames ndi maso pa Bingu National Stadium. Ndinasankha bwino, ndinati Egypt inatichita 4 kwa duu pabwalo lomweli chaka chatha, ndiye ndidikire timu yoti tingaithe. Ndinasankha Burundi. Burundi inapambana 3 kwa 2. M'minibasi pobwerera palibe analankhula mpaka pa Linthipe, pamene mkulu wina anati, “Koma bwalo lokhalo ndi lokongola.” Tonse tinavomera.

Nditafika pa Lizulu ndinatsika n'kupanga chisankho chachikulu. Paja pamenepa msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali iyo Mozambique. Ndi boma liti lina limene munthu ungasamuke m'dziko pongodikira lole idutse? Ndinawoloka, ndinakhala pabenchi, ndinaitanitsa 2M wozizira, n'kulengeza kuti kuyambira lero ndine wa Mambas, amene anapita ku AFCON ku Ivory Coast ife tikuonera pakanema. Pa ligi ndinasankha UD Songo ya m'chigawo cha Tete, imene inatenga ligi ya dziko lawo mu 2017, 2018 ndi 2022. Ndinamva mtima kupepuka. Magazi anayamba kuyenda mwaulemu.

Wogulitsa mowayo anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa m'Chichewa chomveka kuposa changa: “Kodi si inu a Noma aja mumagulitsa mbatata patsidyapo?” Ndinayang'ana kukhoma kwake. Panali kalendala yofiira ndi yoyera. Anthu a tsidya ilo ndi abale athu omwe, amamvera wayilesi zathu zomwe, ndipo uyu anali wa Maule kuposa alamu. Ndinamaliza botolo mwachangu n'kubwerera kwathu, wopanda chiphaso, wopanda ulemu.

Kunyumba ndinapeza mayi akumvera nkhani za Temwa Chawinga, amene chaka chimenecho anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current. Anandikumbutsa kuti ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2 kwa 1, ndipo iwo sanagulitse thumba ngakhale limodzi, sanataye nsapato, sanabisale kuseri kwa nkhokwe. Ndinati ndi zoona, atsikanawo akutichotsa manyazi. Anati ndiye bwanji osangochemerera amenewo. Ndinasowa choyankha. Ndikuganiza kuti thupi langa linazolowera mavuto, chimwemwe chikhoza kundidwalitsa.

Loweruka lina ndinamva kuti anyamata anga akupita ku Lilongwe. Ndinaganiza kuti nthawi yakwana yoti timuyi indidziwe. Ndinasankha kachewere wamkuluwamkulu, wa ku Tsangano weniweni, ndinadzaza ndowa mpaka pamwamba, ndinavala jezi ija yosachapa, n'kukaima pamsewu m'mamawa kukuzizira. Cholinga chinali kuimitsa basi, kupereka mphatso, ndi kumuuza mphunzitsi mawu awiri okha okhudza otchinga kumbuyo. Ndinadikira maola atatu. Kenako kutali kunatulukira basi yabuluu. Ndinalowa pakati pamsewu, ndinavina, ndinakuwa “Manoma! Manoma!”, ndowa ili pamutu. Basi inaima. Mtima unagunda ngati ng'oma. Pawindo panasuzumira amayi a chigwirizano atavala mipango, akupita kumaliro ku Dedza. Mmodzi anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Ndikutolera mbatata zimene zinagwa, panaima kagalimoto. Anatsika bambo wonenepa bwino, jezi yofiira ndi yoyera ikuwala ngati yangochoka m'sitolo.

“Achimwene, ndowayi mukuchita zingati?”

Ndinayang'ana jezi yake. Ndinayang'ana yanga. Pa mtengo wa tsikulo ndinaonjezapo K2,000.

Sananenerere n'komwe. Anatulutsa ndalama, anathira mbatata m'thumba, anandisisita paphewa n'kunena kuti, “Limbani mtima, chaka chamawa n'chanu.” Galimoto itapita ndinawerenga ndalama zija kawiri. Madzulo ndinaimbira foni alamu kuwauza kuti lero Noma yagonjetsa Maule pa Lizulu, 2,000 kwa duu. Anati amva, abwera mawa ndi njinga kudzandiyamikira, ndiuze mlongo wawo agwiriretu tambala uja.