Iwiri Kapena Itatu? Mkangano wa Miyendo ku Mfuwe

Mvula ikangokata, misewu ya m'chigwa cha Luangwa n'kuyamba kuuma, alenje ochokera kunja amayamba kutera pabwalo la ndege la Mfuwe ndi mabokosi awo ataliatali. Amalowera m'dera la Lupande, komwe boma la Zambia limalola kusaka kwa amene ali ndi chilolezo, pakuti tsidya lina la mtsinje, m'paki ya South Luangwa, mfuti ya mlenje siyilira. Katundu wa alendowa sabisika. Wonyamula zikwama wamuona, dalaivala wamukweza, wophika kumsasa wamugwira ndi manja ake. Pofika madzulo, kuyambira ku Masumba mpaka ku Cropping, aliyense amakhala atasanduka katswiri wa uzimba, ngakhale uja sanaphepo ndi njiwa yomwe. Ndipo masiku ano mkangano wachoka pa mfuti, wapita pa chotsamiritsira mfuti.

Anyamata a mafoni ndiwo ali ndi phokoso kwambiri. Iwo mtima uli pa bipod, timiyendo tiwiri tachitsulo tomangirira kunsi kwa mfuti, tomwe umapinda poyenda n'kutambasula ukafuna kuwombera. Aonera makanema ambiri pa YouTube, ndipo dzina la Harris, kampani ya ku Kentucky m'dziko la America, amalitchula mokoma ngati ndi la malume awo. Ati mlenje wamakono amagona chafufumimba, zigongono pansi, mfuti osagwedera ngakhale pang'ono. Pamenepo sakunama. Palibe kawomberedwe kokhazikika kuposa kogona pansi.

Koma akuluakulu amene akalambira kulondola mapazi a nyama akamva zimenezi amaseka mpaka misozi. Funso lawo ndi limodzi: mwana wanga, ugona pati? Timiyendo tija tatifupi timayambira masentimita 15 n'kulekezera 23, pomwe mu Juni tsekera amakhala woposa munthu wamtali. Ukagona m'menemo chomwe uone pagalasi la mfuti ndi mapesi a udzu basi, njati ili uko ikukuyang'ana. Ndiye pali chitedze chomwe sichisankha khungu la mlendo kapena la mwini mudzi, pali linthumbu, pali minga, ndipo mu Okutobala dothi lenilenilo limawotcha mimba. Amavomereza kuti pa lupsa, kapena pamchenga wa m'mbali mwa Luangwa pobisalira ng'ona, timiyendo tiwiri timagwira ntchito yabwino. Ng'ona imafuna chipolopolo chifike paubongo wake waung'onowo, ukaphonya pang'ono yalowa m'madzi osaonekanso. Kwina konseko, ati, bipod ndi katundu wongolemetsa mfuti ndi kukodwa m'zitsamba.

Chawo akuluakuluwa ndi ndodo zitatu. Zikhale zansungwi kapena za mtengo wina wowongoka, zofika m'chibwano, zomangidwa pamodzi chakumtunda ndi mphira ya chubu chakutha cha njinga. Apa m'pamene wokonza njinga wina pamsika amalowererapo ndi chifuwa chotukumuka. Iye chubu chobooka sataya, ati chifukwa machubu ake aona njati zambiri kuposa alenje ena obwera pandege. Anthu amamuseka, koma akafuna mphira amapita kwa iye yemweyo.

Ndodozi kuziona zili chogona kumbuyo kwa galimoto sungaziyese kanthu. Luso lili mwa wozinyamula. Tsiku loyamba, mlendo akamayesa mfuti pa chandamale, wolondola mapazi amakhala akumuyeza msinkhu ndi maso, osanena kanthu. Tsono m'tchire, nyama ikaima, iye amadzala ndodozo mwakachetechete, mwendo umodzi kutsogolo, iwiri chakumbuyo kuti mlenje aime pakati. Akaitanula kwambiri mphanda imatsika, akaibweza imakwera, ndipo amayenera kulondola msinkhu ulendo woyamba womwewo, poti njati siyidikira kuti mukonzenso. Kenako amawerama n'kutseka makutu. Pamphandapo pamagona mtengo wa kunsi kwa mfuti, osati mpaipi. Ukatsamiritsa mpaipi pa chinthu cholimba mfuti imadumpha polira ndipo chipolopolo chimapita m'mwamba. Nthawi zina mlenje wamkulu wotsogolera ulendo amapereka phewa lake kuti mlendo atsamiritsepo chigongono. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kongopumira mpweya kawiri kapena katatu.

Amayi ogulitsa tomato nkhaniyi anaiweruza kalekale. Ati abambo akutaya malovu pachabe, poti mphika sunakhalepo pa mafuwa awiri. Palibe mnyamata wa foni amene wapeza poyankhira.

Wowotcherera zitsulo wina naye waona bizinesi. Akufuna kupanga ndodo za mapaipi zoti sizidzathyoka mpaka zidzukulu. Olondola mapazi amupempha mwaulemu kuti apitirize mageti ndi mawindo, chifukwa chitsulo chikagunda chinzake m'tchire nswala zonse zimamwazika, njati n'kutsatira. Iye sanagonje. Akuloza zomwe alendo akubwera nazo: Trigger Stick ya kampani ya Primos, yomwe ukangofinya chogwirira miyendo imadzitalikitsa yokha, ndi Viper-Flex ya ku Denmark, ya miyendo inayi, yogwira mfuti kutsogolo ndi kuthako komwe. Ya miyendo inayiyo yasekedwa zedi. Ena ati chaka chamawa azungu abwera ndi tebulo ndi mpando womwe. Koma amene aiona ikugwira ntchito amaichitira umboni kuti pa nyama yoima patali imakhazikitsa mfuti modabwitsa. Vuto lake nyama ikasuntha, kuitsatira kumafuna kunyamula zonse. Za miyendo yolowetsana zija nazo mchenga wa ku Luangwa ukalowamo zimayamba kukakamira.

Pali gulu lina, la agogo okhala pansi pa mtengo wa mango, lomwe silikufuna kumva za miyendo iliyonse. Ati makolo awo ankapha njati ndi gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa, popanda ndodo ngakhale imodzi. Ukawafunsa bwinobwino amaulula kuti makolowo ankakwawa mpaka kuyandikira kwambiri, ndipo pakakhala mtengo pafupi ankatsamiritsa mfuti pomwepo. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe sasowa pa bwalo lililonse la nkhani, amawonjeza kuti ngakhale asilikali a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1600 ankayenda ndi ndodo ya mphanda yogonekapo mfuti zawo zolemerazo. Amakumbutsanso za ku America m'ma 1870, komwe alenje ankakhala pansi ndi mfuti za Sharps pa ndodo ziwiri zopingasa n'kumapha njati za kumeneko zambirimbiri pa tsiku, mpaka nyama zomwe zinali mamiliyoni zinatsala pang'ono kutheratu. Akafika pamenepo kuseka kumayamba kwaima.

Ine ndili kumbali ya ndodo zitatu, ndipo chifukwa changa si ukalamba wake kapena kutchipa kwake. Taganizirani munthu amene wayenda maola ambiri dzuwa lili pamutu, kutentha kukufika madigiri 40, atanyamula .375, mfuti yomwe Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, yolemera makilogalamu anayi kapena kuposerapo. Mtima ukugunda, thukuta lili m'maso, manja akunjenjemera. Ngakhale njati ili pamtunda wosakwana mamita 100, kugwedera pang'ono kokha kumachotsa chipolopolo paphewa n'kuchipititsa m'mimba. Nyamayo imavutika maola, mwina masiku. Mlendo amalipira ndithu, poti magazi akangooneka nyamayo imawerengedwa kuti ndi yake, koma ndalama sizilowa m'zitsamba. Amene amatsogola kukalondola njati yovulala, maso ali pansi kufunafuna dontho la magazi, ndi bambo wa pano pomwe, wa ana ake, ndipo nthawi zambiri m'manja mwake mulibe mfuti. Ikapanda kupezeka imakabisala m'mabango momwe amayi amadutsa popita kotunga madzi. N'chifukwa chake mkazi wa wolondola mapazi akamafunsa ngati mlendo wa ulendo uno akudziwa kuima pa ndodo, safunsa mocheza.

Otsogolera alendo ojambula zithunzi amamvetsera zonsezi atapinda manja. Iwo amati miyendo itatu akuidziwa bwino, koma pamwamba pake payenera kukhala kamera. Amatchula Norman Carr, yemwe mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo oti alendo azidzaonerako nyama, ndipo ati njati yojambulidwa lero mawa ijambulidwanso. Ambiri mwa iwo safuna kusaka kwa mtundu uliwonse, ndipo amanena poyera. Komabe ukawapanikiza amavomera kuti poti kusakako kulipo, kuli bwino chipolopolo chikhale chimodzi.

Kumidzi yolandira gawo la nyama kuchokera kumisasa ya alenje, mayina a Harris ndi Primos sakuwalabadira. Kumeneko amayeza mlenje ndi mphuno. Njati yogwa pomwepo imafika pagalimoto tsiku lomwelo nyama ili yofiira, anthu n'kugawana ina yophika ina yoyanika. Yovulazidwa n'kukapezeka patapita masiku awiri imafika afisi ndi miimba atalawa kale, ngati yafika n'komwe. Ndiye galimoto ikangotulukira, nyakwawa isanafunse n'komwe kuti wapha ndani, ana amakhala atathamangira kale kukanunkhiza kumbuyo kwake n'kubwera ndi chigamulo.